Mabuku a m'laibulale ndi akale, ndiye za beni ndizilemba bwanji?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene ali chaka chachinayi ku yunivesite. Akulemba pepala lake lomaliza pa gule wa beni wa kwawo ku Mangochi. Dandaulo lake ndi lakuti walowa m'laibulale kawiri konse koma akungopeza mabuku akalekale, ena masamba anachita kufiira, ndipo pa Google akungoona mavidiyo. Akufunsa kuti kodi ophunzira za mbiri, nyimbo ndi ziyankhulo laibulale imawathandiza chiyani.

Achemwali, zikomo polemba. Ndayankhira pano chifukwa funso lanuli ndi la ambiri.

Ndiyambe ndi ukalewo. Mnzanu wa zamakompyuta akapeza buku la 1960 ali ndi chifukwa chodandaulira. Koma kwa inu, pepala lofiiralo ndiye munda wanu. Beni sanayambe dzulo. Anamera potsanzira perete ndi mabandi a asilikali, ndipo anafala kwambiri kuno asilikali a King's African Rifles atabwerako ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Amene anaona zimenezi ndi maso n'kuzilemba anali amishoni, ma DC ndi alendo a nthawi imeneyo. Simungawapeze m'buku latsopano.

Chimene ndikuganiza kuti chakutchingani ndi mayina. Mukulemba Mangochi pofufuza, pomwe m'mapepala a atsamunda boma limenelo linkatchedwa Fort Johnston. Nsanje inali Port Herald, Chitipa inali Fort Hill, Thyolo ankalemba Cholo, Mulanje ankalemba Mlanje, Nkhotakota ankalemba Kota Kota. Dziko lathu lenilenili mulisake ndi dzina la Nyasaland, ndipo chiyankhulo chathuchi mabuku ambiri osindikizidwa chisanafike chaka cha 1968 amachitcha Chinyanja kapena Nyanja. Ndakhalapo pambali pa wophunzira amene anali atataya mtima, tinangosintha dzina limodzi pa kompyuta, mitu ya nkhani n'kutsika mpaka pansi. Anakoka mpando n'kuyamba kukopera m'kope osayankhulanso.

Mukafika ku laibulale ya University of Malawi ku Zomba, musathere pa mashelefu apoyera. Funsani gawo la Malawiana, kumene amasunga zolembedwa zokhudza dziko lino. Kumeneko funsaninso mapepala a ophunzira amene anakutsogolerani. Ophunzira za mbiri ku Chancellor College m'zaka za m'ma 1970 ankapita kumidzi kukacheza ndi agogo n'kulemba zomwe amva. Agogo amenewo anatisiya kalekale, koma mawu awo anatsala m'mapepala otayipa pa makina aja. Ine ndimawalemekeza mapepala amenewa koposa mabuku ena okongola ochokera kunja. Ngakhale musapeze lonena za beni mwachindunji, onani kumapeto kwake kuti anzanuwo anawerenga chiyani, mutsate mapazi awo.

Ndipo chonde yankhulani ndi munthu. Ogwira ntchito m'laibulale si alonda a mabuku ayi, anaphunzira ntchito yosaka zinthu. Musangoti "ndikufuna za beni." Nenani boma, zaka zimene mukufuna, ndi funso lomwe mukufuna kuyankha. Afunseninso momwe mungalowere pa JSTOR, nkhokwe ya pa intaneti ya majenulo a maphunziro, kudzera pa intaneti ya sukulu, chifukwa malaibulale athu amagula limodzi mwayi wowerenga majenulo kudzera m'bungwe lawo la MALICO. Pa JSTOR pali Society of Malawi Journal, imene inayamba mu 1948 ikutchedwa Nyasaland Journal, ndipo muli nkhani zambiri za miyambo ndi mbiri ya madera. Journal of Humanities ya ku Zomba komweko imapezeka pa intaneti, pa African Journals Online. Mukapeza nkhani, isungeni pa fulashi nthawi yomweyo, poti netiweki ndi magetsi sizipangana ndi munthu.

Mu Zomba momwemo muli National Archives of Malawi. Lamulo limafuna kuti osindikiza mabuku m'dziko muno azisiyako kope kumeneko, ndipo kulinso mafayilo a boma ndi mabuku amene ma DC ankalembamo za m'maboma awo. Dziwiranitu kuti moto unatentha maofesi a boma ku Zomba mu 1919 ndipo mapepala ambiri a zaka zoyambirira anapsa. Mwayi wanu ndi wakuti nyengo imene beni anakula inabwera motowo utachitika kale. Pitani ndi kalata yochokera ku dipatimenti yanu, pensulo ndi kope, ndipo musayembekeze kumaliza tsiku limodzi. Powerenga musaiwale kuti analemba ndi munthu amene ankaonera gule ali pakhonde, chiyankhulo cha nyimbozo mwina osachimva bwino. Zimene analakwitsa ndi mbali ya nkhani yanu.

Mukapezeka ku Blantyre, ku Mandala House, nyumba ija inamangidwa mu 1882, kuli laibulale ya Society of Malawi yokhala ndi mabuku ndi zithunzi zakale. Chithunzi chimodzi cha zovala za asilikali chingakuuzeni zambiri za yunifolomu ya ovina. Pa zomvera, katswiri wofufuza za nyimbo za mu Africa, Hugh Tracey, anajambula nyimbo zambiri kuno m'zaka za m'ma 1950, ndipo zimasungidwa ku International Library of African Music ku Rhodes University ku South Africa. Alembereni imelo, mufunse zimene ali nazo za dera lanu.

Chinthu chimodzi ndikupempheni ndi mtima wonse. Pamene laibulale ya Mzuzu University inapsa mu Disembala 2015, tinaona kuti zina zikapita sizibwerera. Mukapeza tsamba lofunika, jambulani ndi foni ngati akulolani, osaling'amba kapena kulembapo.

Mukatha zonsezi, kwerani basi mupite kwanu ndi zimene mwapeza. Kapezeni akuluakulu amene anavinapo beni, muwawerengere zomwe DC analemba, muwafunse ngati n'zoona, ndipo mulembe dzina la mudzi ndi tsiku la macheza. Pepala lanu likatha, onetsetsani kuti kope limodzi lafika ku Malawiana. Mundilembere mukabwerako ku Archives, ndimve kuti Fort Johnston wakupatsani chiyani.