Polo yanu ingalowe ku Kyalami, koma tiyambe takambirana za mabuleki

Achimwene ena a kwathu kuno, cha ku Kamwendo, amene akugwira ntchito ku Joni, andilembera imelo. Ali ndi VW Polo yomwe anagula yogwiritsidwa kale ntchito ndipo ngongole yake sanamalize kubweza. Anzawo a kuntchito apeza tsiku lokathamangitsa magalimoto awo ku Kyalami, bwalo la mipikisano ya magalimoto, ndiye awaitana. Funso lawo ndi ili: "Kodi galimoto wamba ngati yangayi ingalowe mmenemo? Liwiro lomwe ndimalidziwa ndi la pa msewu wa Lilongwe kupita ku Mchinji basi. Ndichite chiyani kuti ndisakachite manyazi pamaso pa anzanga?"

Achimwene, galimoto yanu ingalowe. Masiku oterewa, amene kumeneko amati track day, anakonzera magalimoto a pamsewu, ndipo si mpikisano. Palibe chikho, palibe amene akakuwerengereni kuti mwakhala wachingati. Koma mawu anu omalizawo, akuti manyazi, ndi amene andidetsa nkhawa, chifukwa amene amabwerako galimoto ili pa bulekidauni kawirikawiri amakhala uja amaopa kusekedwa.

Malo mukupitawo si amasewera. Kyalami ili ku Midrand, pakati pa Johannesburg ndi Pretoria, ndipo inatsegulidwa mu 1961. Dzinalo ndi la Chizulu, kutanthauza kuti kwathu. Mipikisano ya Formula One inkachitikira pamenepo, womaliza unali mu 1993 ndipo anapambana ndi Alain Prost. Mu 2014 malowa anagulidwa ndi Toby Venter, mkulu wa Porsche ku South Africa, n'kuwakonzanso. Lero kuzungulira kamodzi ndi makilomita anayi ndi theka, ndipo pali magulaye 16. Si malo athyathyathya ngati dambo la Bua ayi. Mumakwera mpaka pa gulaye yotchedwa Leeukop, kenako mumatsika chitsikiretsikire pa malo otchedwa Mineshaft, pomwe ngakhale ka Polo kamayamba kudziona ngati ndege.

Mphamvu ya injini musaidandaule. Joni ndi malo okwera, kuposa mamita 1,500, mpweya wake ndi wopepuka, ndiye injini yopanda tebo imakoka mofooka kusiyana ndi mmene ingakokere ku Durban. Anzanu a magalimoto akuluakulu akakupitirirani pamalo owongoka. Asiyeni azipita.

Nkhani yeniyeni ili pa mabuleki. Zaka zomwe ndinkagwira pa galaja ina ku Joni, ndinalowetsapo Corolla yanga pa bwalo lina laling'ono. Maulendo atatu oyamba ozungulira bwalolo zinayenda bwino, ine mano pamtunda. Ulendo wachinayi, ndikuyandikira gulaye, ndinaponda buleki, phazi n'kungolowa fwa! mpaka pansi ngati ndaponda papaya wakupsa. Ndinapopa kawiri katatu, inagwira pang'ono, ndinakaima mu miyala ya m'mbali, fumbi koboo. Fungo la mapadi opserera linali m'mphuno tsiku lonse. Ine makaniko wathunthu, buleki fuluwidi ndinali ndisanasinthe chigulireni galimotoyo.

Chimachitika ndi ichi. Buleki fuluwidi amamwa chinyezi pang'onopang'ono. Wa mtundu wotchedwa DOT 4 akakhala watsopano sawira mpaka kutentha kutafika madigiri 230, koma akamwa madzi amatha kuwira pa madigiri 155 okha. Pamsewu wa ku Mchinji mumaponda buleki pa Namitete, kenako pa Kamwendo, mabuleki ali ndi nthawi yozizira. Pa bwalo mumaponda mwamphamvu masekondi angapo aliwonse, kutentha kumangounjikana. Fuluwidi akawira amapanga thovu, ndipo thovu limafinyika, ndiye phazi lanu likufinya mpweya m'malo mokankha mapadi. Choncho musanapite, chotsani fuluwidi yense wakale, muike watsopano wochokera m'botolo losatsegula, ndipo makaniko atulutse mphepo bwinobwino m'mateyala onse anayi. Mapadi akhale okhuthala, kuposa theka. Amene pamsewu akanakutherani miyezi inayi, pa bwalo angathe madzulo asanakwane.

Matayala nawo. Ife a Malawi timakonda akaunjika, ndipo ndikudziwa kuti ku Joni amapezeka otchipa. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Yang'anani m'mbali mwa tayala, pali manambala anayi kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Mukaona 2317, linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2017, ndipo ngakhale mapanga akuoneka, mphira wake wauma. Lokhala ndi chotupa kapena lomatidwa m'mbali lisalowe n'komwe. Tengani geji yoyezera mpweya, chifukwa tayala likatentha mpweya umakwera, ndiye muziyeza mukangotuluka. Oyilo afike pa mzere wapamwamba wa dipisitiki, petulo mudzaze chifukwa akatha mofulumira modabwitsa. M'galimoto muchotse chilichonse chosamangika: mabotolo, jeke, sipikala ya kumbuyo ija, ngakhale makapeti a pansi. Botolo la madzi likagubudukira pansi pa buleki nkhani yake ndi ina. Helemeti funsani okonza tsikulo ngati amabwereketsa.

Tsopano ngongole ija. Inshulansi zambiri za pamsewu sizilipira ngozi yochitikira pa bwalo la mipikisano. Werengani mapepala anu, kapena imbani foni muwafunse mosabisa, ndipo yankho akupatseni lolemba. Polowa mukasaina pepala lovomera kuti zokugwerani ndi zanu. Ndiye khalani pansi mudzifunse: ngati Polo itapindika, mukwanitsa kumabweza ngongole ya galimoto yomwe ili ku sikirapu, uku mukukwera matakisi? Ngati mtima wakana, pitani ndithu koma mukakwere ndi mnzanu kapena ndi mphunzitsi. Sindikukuopsezani. Ambiri amabwerako bwinobwino, chomwe chatha ndi matayala ndi petulo. Koma galimoto imeneyi ndi yomwe amayi akuyembekezera kuiona pakhomo mu Disembala.

M'mawa kumakhala msonkhano wa oyendetsa onse. Musachedwe, ndipo mbendera muziloweze. Yachikasu, kutsogolo kuli vuto, chepetsani liwiro ndipo musapitirire wina. Yofiira, zonse zaima, yendani pang'onopang'ono mpaka potulukira. Yabuluu, kumbuyo kwanu kuli wothamanga kuposa inu, mpatseni mpata malinga ndi mmene akuuzireni kumsonkhanoko. Yakuda, akukuitanani inuyo. Galimoto ikakuferani, musayerekeze kuwoloka msewuwo wapansi. Pa Kyalami pomwepo, mu 1977, dalaivala wa Formula One Tom Pryce anagunda mnyamata wothandiza pa bwalo amene ankawoloka atanyamula chozimira moto, ndipo onse awiri anafera pomwepo.

Kayendetsedwe kake mapepala sangakuphunzitseni, n'chifukwa chake ndikuti ngati pali mphunzitsi woti akhale pambali panu, ndalama imeneyo lipirani musanaganize zogula china chilichonse. Zomwe akakuuzeni n'zosavuta kumva koma zovuta kuchita. Buleki mumamalizira galimoto idakali yowongoka, musanakhotetse chiwongolero. Mumalowa pa gulaye mofatsa, n'kutuluka mukuwonjezera moto pang'onopang'ono. Maso amakhala kutali, komwe mukufuna kupita, chifukwa galimoto imalondola maso; mukayang'anitsitsa khoma mukapezeka muli pakhomapo. Manja onse awiri pa chiwongolero, osati kamkono pawindo ngati dalaivala wa minibasi ya ku Mkanda. Batani lozimitsira makina othandiza kuti galimoto isaterereke lija, musalikhudze, ngakhale anzanu anene kuti ndi la ana. Polo imakoka ndi kutsogolo, ndiye mukalowa pa gulaye mothamanga kwambiri imangopita chowongoka matayala akulira. Mankhwala ake si kupotokola chiwongolero kwambiri, koma kubweza phazi pang'ono mpaka igwire.

Musazungulire kosalekeza. Maulendo atatu kapena anayi, kenako umodzi woyenda pang'onopang'ono osaponda buleki kwenikweni kuti mphepo iziziritse, n'kutuluka. Mukaima musakoke handibuleki, chifukwa mapadi otentha amamatirira. Ikani giya basi. Tsegulani boneti, imwani madzi. Chakumasana mukayamba kumva kuti tsopano mwaidziwa njira, imeneyo ndiyo nthawi yoti mupume, chifukwa thupi latopa koma mtima wakula.

Pomaliza munafunsanso za Nürburgring imene mumaiona pa YouTube. Imeneyo ndi bwalo la ku Germany, makilomita 20.8 kuzungulira kamodzi m'nkhalango, ndipo dalaivala wa Formula One Jackie Stewart anaitcha Green Hell, kutanthauza gehena wobiriwira. Masiku ena amatsegulira aliyense wolipira, koma m'mbali mwake mulibe malo okwanira oti wolakwitsa apulumukire. Ngati Kyalami yakukulirani thumba, pafupi ndi Pretoria pali Zwartkops, ya makilomita 2.4, yosavuta kuloweza kwa woyamba.

Nditumizireni manambala anayi aja a pa matayala anu onse, ndi chithunzi cha mapadi akutsogolo mutachotsa tayala. Ndikaona ndikuuzani ngati mungapite nawo kapena muyambe mwadzera ku shopu.