Yambani ndi General Prologue ya Chaucer

Achemwali, mwati asayimenti yanu ikufuna mmene alembi akale a ku England ankajambulira anthu ndi kudzudzula makhalidwe a nthawi yawo, koma Chingerezi chakecho chikukubalalitsani. Ine ndinganene kuti musayambe ndi mabuku ambiri, tengani General Prologue, gawo lotsegulira buku la The Canterbury Tales, basi. Geoffrey Chaucer anayamba kulemba bukuli cha m'ma 1387 ndipo anamwalira mu 1400 asanalimalize. Sakani lomwe Nevill Coghill analiika m'Chingerezi cha masiku ano mu 1951, muziwerenga pambali pa lakalelo, mumva bwinobwino.

M'gawoli muli anthu pafupifupi 30 omwe akumana pa Tabard Inn ku Southwark, paulendo wopita kumanda a woyera mtima Thomas Becket ku Canterbury. Chomwe muyang'anitsitse ndi ichi: nthawi zambiri Chaucer samutukwana munthu, amamuyamikira ndithu, koma tinthu tomwe akutchula pomuyamikirapo ndi timene timamuulula. Onani sisitere wamkulu uja, Prioress. Akuti ndi wachifundo kwabasi, amalira akaona mbewa itagwidwa pamsampha, tiagalu take amatidyetsa nyama yootcha, mkaka ndi buledi wapamwamba, koma pachifundo chonsecho osauka satchulidwa olo kamodzi. Ine mbali imeneyi ndimaikonda kwambiri chifukwa Chaucer amakusiyira iwe wowerenga kuti uzindikire wekha. Mulinso mmonke, mwamuna wodzipatula kuti azitumikira Mulungu, naye nchimodzimodzi, mtima wake uli pa ulenje ndi mahatchi, ndipo Chaucer amachita ngati akumuvomereza kuti zotsekeredwa ndi mabuku nzosafunika.

Pa Pardoner, wogulitsa zikalata za chikhululukiro cha machimo, mpamene amaluma poyera: amanyamula mafupa a nkhumba n'kumati ndi a oyera mtima, ndipo patsiku limodzi amatolera ndalama zoposa zomwe wansembe wakumudzi amapeza pa miyezi iwiri.

Chonde musalembe kuti Chaucer ankadana ndi tchalitchi, ambiri amagwera pamenepo. Muli wansembe wosauka, Parson, woyenda wapansi ndi ndodo yake kukaona akhristu ake akutali kaya kuli mvula kaya mabingu, ndipo iyeyo amamuyamikira moona mtima. Muikeni pambali pa Pardoner, eseyi yanu ikhala ndi msana. Nthawi ikakhalapo onjezani Piers Plowman ya William Langland, iye amadzudzula mosabisa mawu, ndiye mupeza chofananitsa.