Makoma a nyumba ya Monadnock anachindikaliranji chonchi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mmodzi wa inu owerenga. Akuti anaona chithunzi cha nyumba yakale ya masitolo ndi maofesi yotchedwa Monadnock, pakatikati pa mzinda wa Chicago ku America, ndipo chinawadabwitsa n'chakuti mawindo apansi analowa mkati kwambiri ngati khomo la phanga. Funso lawo linali lakuti: "Kodi ankafuna kukongoletsa, kapena ankaopa akuba?"

Zonsezo ayi, akuluakulu. Chimene mukuonacho ndi kuchindikala kwa khoma basi. Pansipo ndi mamita pafupifupi 1.8, moti munthu wamkulu atagona chopingasa, mutu ndi mapazi zingathere m'khoma momwemo. Ukafika pamwamba penipeni, khoma lomwelo latsala masentimita 46 okha.

Nkhani yake ili chonchi. Mbali ya kumpoto ya nyumbayi, imene anamaliza kumanga mu 1891, ili ndi nsanjika 16, ndipo makoma ake akunja ndi a njerwa zosenza katundu zokha. Mkati muli mizati ndi mitanda yachitsulo, koma kunjako njerwa iliyonse yasenza zinzake zonse za pamwamba pake. Aliyense amene anasanjapo matumba amadziwa kuti lovutika ndi lapansi. Ukati uwonjezere nsanjika imodzi, uyenera kukulitsanso khoma lapansi, mpaka umafika poti khoma ladya malo amene unkafuna kuchititsa lendi. Amisiri a Monadnock anakafika pamalire amenewo.

Wolira kwambiri ndi mwini sitolo. Iye amafuna windo lalikulu loti odutsa aziona katundu, komanso kuwala kolowa mpaka kukauntala. Apa anapatsidwa windo lobisala m'khoma. Dothi nalo linadandaula: pansi pa Chicago pali dongo lofewa, ndipo nyumbayi, imene amisiri ankayembekezera kuti ititimira masentimita 20, inatitimira pafupifupi theka la mita.

Koma chimene chimandikoka mtima ine si khomalo ayi, ndi umbombo wa eni ake. Anali Peter Brooks ndi m'bale wake Shepherd, anthu achuma a ku Boston. Peter sankafuna kumva za zokongoletsera. Kwa iye tizosemasema ta pakhoma tinkangodya ndalama, kusunga fumbi ndi kuitana nkhunda kudzamanga zisa. Ndiye John Wellborn Root, amene ankajambula mapulani pamodzi ndi Daniel Burnham, anatsala ndi njerwa zokhazokha m'manja. Taonani zimene anachita nazo. Pamwamba pa masitolo khoma limapindikira mkati pang'onopang'ono, n'kukwera chowongoka, kenako kudenga n'kutambasukiranso kunja, monga zipata za akachisi akale a ku Egypt. Ngodya zake zimayamba zakuthwa pansi, koma zimanka zikulungika pokwera. Mawindo otumphukira kunja, otsetsereka m'mizere kuchokera pamwamba, amaoneka ngati anamera m'khoma momwemo, ndipo ntchito yawo inali yokokera kuwala m'maofesi. Ine ndimati Peter akanakhala wopatsa, nyumbayi bwenzi ili ngati zinzake zambirimbiri. Zachisoni n'zakuti Root sanaione itatha, anamwalira ndi chibayo mu Januwale 1891 ali ndi zaka 41.



Musaganize kuti nthawi imeneyo njira ina yomangira nyumba zazitali kunalibe. Nyumba ya Home Insurance, mumzinda womwewo, inali itaima kale kuyambira 1885 pa mafupa achitsulo, khoma n'kungokhala ngati chovala. Ndipo pamene ankawonjezera mbali ya kumwera ya Monadnock, imene inatha mu 1893, ntchito yojambula mapulani anaipereka kwa amisiri ena, Holabird ndi Roche, ndipo chitsulo chinayamba kulanda ntchito ya njerwa. Zokongoletsera zija zinabwereranso, nkhunda kaya zinasangalala.

Choncho bwererani ku chithunzi chanu chija. Ngati anachijambula chapatali, tsatirani mzere wa denga ndi diso: pamene khoma losalala lopindikira kunja lathera n'kuyamba mlomo wa denga wosemedwasemedwa, pamenepo ndi pamene pakumanirana nyumba ya 1891 ndi ya 1893. Mawindo anu a phanga aja ali mbali ya kumpoto ija, ya ku msewu wa Jackson Boulevard.