Denga la pakhonde: yambani mwafika kukhonsolo

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwati kuseri kwa nyumba kuli malo othira kale konkire, mamita 6 mulitali ndi 4 mulifupi, mukufuna kuikapo denga la malata logwirana ndi khoma, ndipo mmisiri wanu akuti chilolezo n'chosafunika poti simumanga zipupa. Chonde musathamangire kugula malata ndi matabwa. Yambani mwafika ku ofesi yoona za mapulani kukhonsolo ya dera lanu, mukafunse, ndipo yankholo akupatseni lolembedwa.

Akhonsolo sawerenga zipupa zokha ayi. Denga likangogwira nyumba, m'madera ambiri limatengedwa ngati mbali ya nyumbayo. Kungoti malamulo amasiyana malo ndi malo. Ku America, buku la malamulo omangira nyumba lotchedwa International Residential Code limalola kumanga kanyumba koima pakokha popanda chilolezo ngati sikapitirira masikweya mita 18.58, koma lanulo ndi masikweya mita 24 ndiponso likugwira khoma. Ku South Africa, lamulo la zomangamanga la 1977 lili ndi gulu la ntchito zing'onozing'ono, monga denga loimikapo galimoto losapitirira masikweya mita 40, komabe ngakhale pamenepo mkulu woona zomangamanga amayenera kuvomereza kaye. Ndiye mawu a mmisiri okha sangakuimireni tsiku limene akhonsolo adzagogoda pachipata.

Popita kumeneko tengani zikalata za puloti ndi pulani ya nyumba yomwe inavomerezedwa poyamba. Kawirikawiri amafuna chojambula choonetsa puloti yonse, pomwe nyumba yaima, pomwe khondelo lidzathere ndi mtunda wotsala kukafika m'malire. Apa m'pamene ambiri amagwa, chifukwa pali mpata womwe sufunika kumangidwa pakati pa nyumba ndi malire, komanso pali gawo la puloti lomwe simuloledwa kupitirira pofolera. Amaonanso ngati mizati sikugwera pamwamba pa mapaipi a zimbudzi kapena kufupi ndi mawaya a magetsi, ndiponso komwe madzi a padengapo azikagwera. Akamathira kwa aneba, pulani imabwerera.

Chojambula chachiwiri n'cha kamangidwe: kukula kwa mizati, mitanda ndi mapaso, kutalikirana kwake, kuya kwa maenje, ndi mmene dengalo ligwirire kukhoma. Ndiime pang'ono pamenepa, chifukwa m'pamene pagona moyo wa anthu okhala pansi pake. Ambiri timaganiza kuti ntchito ya mzati ndi kusenza denga kuti lisagwe. Pakhonde lopanda zipupa vuto lalikulu ndi mphepo yolowa kunsi n'kunyamula denga lonse. Mphepo yothamanga makilomita 100 pa ola imakankha ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu pafupifupi 50 pa sikweya mita iliyonse. Pa denga lanulo ndiye kuti mphamvuyo ikhoza kupitirira tani imodzi, pamene malata ndi matabwa ake ndi opepuka kwambiri. N'chifukwa chake amafunsa za zitsulo zomangira phaso kumtanda, mtanda kumzati, mzati kumaziko.

Ndinaziona ndi maso kwa mchemwali wanga. Mmisiri anakhomera mtanda wa khonde ndi misomali pathabwa lija lotchinga kumapeto kwa denga la nyumba, mizati n'kungoikhazika pakonkire. Mvula yoyamba ya mkuntho, dengalo linatembenukira pamwamba pa nyumba. M'mawa tinapeza thabwalo litang'ambika, misomali ili pamtunda yopindika ngati mbedza, madzi akudontha m'chipinda cha ana. Mwamwayi panalibe munthu panja usiku umenewo. Thabwa limenelo silisenza katundu. Mtanda uyenera kugwira khoma lenileni kapena mitengo ikuluikulu ya nyumba ndi mabawuti, ndipo polumikizirapo aikepo lata lopinda kuti madzi asalowere kukhoma.

Konkire yomwe ilipoyo musaidalire musanadziwe kuchindikala kwake. Malamulo a ku America aja amalola mzati kukhala pakonkire popanda maziko akeake pokhapokha ngati ndi yochindikala mamilimita 89 kapena kuposa, katundu wa pamzati osapitirira makilogalamu 340, komanso kudera komwe nthaka siuma ndi chisanu. Ngati mukukayika, bowolani pomwe padzaime mizati, mukumbe maenje, muthire maziko atsopano. Akhonsolo akati zojambulazo zisainidwe ndi injiniya, musaone ngati akukuvutitsani, ndalama imeneyo ndi yochepa poyerekeza ndi kufoleranso nyumba.

Chilolezo chikatuluka funsani kuti woyendera ntchito azibwera liti. Nthawi zambiri amafuna aone maenje musanathire konkire, kenako mitengo isanabisike, ndiye pomaliza. Mukathira asanaone akhoza kukuuzani kuti mufukule. Ngati mukufuna nyale kapena masoketi pakhondepo, nenani pa pulani pomwepo, ndipo ntchitoyo agwire wamagetsi wokhala ndi chiphaso.

Ngati nyumbayo ndi yalendi, mwini wake avomere polemba. Ngati ili mumpanda umodzi ndi nyumba zina zokhala ndi komiti, nakonso pemphani, poti chilolezo cha khonsolo sichilowa m'malo mwa chawo.

Kumanga mwakabisira kumabwera ndi chindapusa, nthawi zina kulamulidwa kugwetsa, ndipo a inshuwalansi akhoza kukana kulipira ngozi ikachokera pachomangidwa chosavomerezedwa. Pogulitsa nyumba nkhaniyi imadzukanso, wogula akaona kuti pulani ndi nyumba sizikufanana.

Mawa lomwe tengani tepi, muyeze kuchokera pomwe denga lidzathere kukafika m'malire mbali zonse, mujambule khomalo pafoni, mupite nazo. Akakuyankhani mudzatiuze, tidzaonere limodzi kukula kwa mitanda.