Kodi Chichewa chinachokera ku Chizulu?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wathu wina amene akugwira ntchito ku Durban. Iye anafunsa kuti: "Kuno ndikamva Azulu akuti umuntu, inyama, imvula, ndimangoti ichi n'Chichewa chathu chomwe. Kodi chiyankhulo chathu sichinabwere ndi Angoni kuchokera kunoko?"

Achimwene, makutu anu sanakunamizeni, mawuwo ndi amodzi ndithu. Koma Chichewa si mwana wa Chizulu ayi. Ziwirizi n'zapachibale, zinabadwa kwa kholo limodzi lomwe linatha kalekale.

Tiyambe ndi zaka. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835. Apo n'kuti Amaravi atakhazikika kale, moti Apwitikizi anali atalemba za mafumu awo, Kalonga ndi Lundu, m'zaka za m'ma 1600. Angoni anachipeza chiyankhulochi chilipo, ndipo a ku Ntcheu ndi Dedza anafika posiya chawo n'kutola cha eni dera. Anatisiyira mawu ngati nduna ndi inkosi, koma amenewo ndi obwereka, monganso tinabwerekera nsapato ndi kalata kwa Apwitikizi. Kubwereka mchere kwa mnansi sikukusandutsa mwana wa m'nyumba mwake.

Nanga ubale weniweni timaudziwa bwanji? Apa ndi pamene nkhaniyi imandikoka mtima. Akatswiri sakhutira ndi mawu awiri kapena atatu ofanana, chifukwa zimenezo zimatha kungochitika mwangozi. Iwo amafuna kusintha kobwerezabwereza. Taonani Chiswahili: ife timati mvula, iwo mvua, ife njala, iwo njaa, ife njira, iwo njia, kulira ndi kulia, kukula ndi kukua. M'mawu onsewa, pamene ife tili ndi l kapena r pakati, kwa iwo wagwa. Katchulidwe kakamasintha sikasankha liwu limodzi, kamasesa mawu ambirimbiri a mtundu umenewo. Ukapeza mzere woterewu m'mawu a tsiku ndi tsiku, a thupi, a chakudya, a kuwerenga, ndiye kuti wagwira ubale wa magazi.

Tengani liwu loti anthu. Mzulu amati abantu, Mtumbuka ŵanthu, Mswahili watu, ife anthu. Poyamba panali b, kenako anafewa kukhala ŵ uja wa m'dzina la Malaŵi, ndipo kwa ambiri a ife anazimiririka. Mukamva agogo kumudzi akuti ŵanthu kapena ŵana, musawaseke. Pakamwa pawo pali mbiri imene ife tinataya.

Mwina munena kuti, "Si izo nanga, Chizulu ndiye chasunga zakale!" Pamenepo chasungadi, koma pena ndife tinasunga. Ife timati khumi, Mswahili kumi, pamene Mzulu amati ishumi: k wakale uja iye anamusintha. Komanso kuthetha lilime kuja mumamva m'mawu okhala ndi c, q ndi x kunalowa m'Chizulu chifukwa chokhala moyandikana ndi Akhoi ndi Asan, mitundu yakale ya kum'mwera kwa Africa. M'Chichewa mulibe zimenezo.

Amene anatcha banja lonseli kuti Bantu ndi katswiri wa ziyankhulo Wilhelm Bleek, m'buku lake la mu 1862, ataona kuti ziyankhulo zambiri zimatchula anthu mofanana. Mu 1899 Carl Meinhof anayamba kuyerekeza katchulidwe kuti apeze mawu a kholo lija, ngakhale kuti palibe amene analilembapo. Malcolm Guthrie anagawa ziyankhulozi m'magulu mu 1948. Chichewa chili m'gulu N, Chizulu m'gulu S. Joseph Greenberg ndiye analoza kumene kholo lija linkayankhulidwa: kumalire a Nigeria ndi Cameroon, komwe kuli ziyankhulo zina zapachibale ndi banja lonseli. Akatswiri ambiri amati kubalalika kunayamba zaka 4,000 mpaka 5,000 zapitazo.

Popeza muli pakati pa Azulu, ntchitoyi mutha kuiyesa nokha. Gulani kope, mukhale ndi mnzanu wa kuntchito pa nthawi ya nkhomaliro, muzimufunsa mawu. Yambani ndi awa: mafuta, kutuma, zitatu. Adzakuuzani amafutha, ukuthuma, -thathu. Mwaona zimene t wathu akuchita pakamwa pake? Fufuzani ena khumi otere, mudzanditumizire, tidzawaone limodzi.