N'chifukwa chiyani chimfine chimasiya m'mimba mutasokonezeka?

Mayi wina wandilembera imelo kuti anadwala chimfine champhamvu, ndipo ngakhale kutsokomola ndi kutentha thupi zinatha, m'mimba mwake mukubwadamukabe ndipo nthawi zina akutsegula. Funso lake ndi lakuti: "Kodi matenda a m'mapapo angafike bwanji m'matumbo?"

Mayi, zimene mukumvazo zili ndi chifukwa chake. M'matumbo mwa munthu aliyense mumakhala mabakiteriya ankhaninkhani, ndipo ambiri mwa iwo ndi otithandiza. Amagaya mbali zolimba za masamba, zipatso ndi mbewu zimene mimba yathu imalephera, n'kutulutsa timaasidi monga acetate ndi butyrate. Timaasidi timeneti timadyetsa khoma la matumbo, ndipo tina timalowa m'magazi n'kukalimbikitsa maselo oteteza thupi, kuphatikizapo a m'mapapo momwemo.

Vairasi ya fuluwenza, imene imayambitsa chimfine champhamvu, kawirikawiri siberekana m'matumbo, komabe imawasokoneza ili kutali. Chitetezo cha m'thupi chikayamba kulimbana nayo chimatulutsa mapuloteni monga interferon, amene amafika m'matumbo n'kusintha mmene mabakiteriya akukhalira. Koma chimene ine ndimachiona chachikulu, ngakhale ambiri sachiganizira, ndi kusadya. Wodwala chimfine amangolawa pang'ono n'kukankha mbale, ndiye mabakiteriya amene amadalira zotsala za chakudyacho amachepa, pamene ena opirira njala amachuluka. Mu 2020, ofufuza a mumzinda wa Lille ku France anasonyeza zimenezi pa mbewa: zimene zinadwala fuluwenza zinkatulutsa acetate wochepa, ndipo mbewa zabwinobwino zimene anangozichepetsera chakudya zinasinthanso m'matumbo mofanana ndi zodwalazo. Chodetsa nkhawa n'chakuti mapapo a mbewazo anafooka polimbana ndi bakiteriya woyambitsa chibayo, Streptococcus pneumoniae, koma atazipatsa acetate chitetezocho chinabwereramo.

COVID-19 ndi yosiyanako, chifukwa vairasi yake imalowa m'maselo kudzera pa puloteni yotchedwa ACE2, imene imapezekanso yambiri m'matumbo. Kafukufuku wa ku Chinese University of Hong Kong, wofalitsidwa mu 2021, anapeza kuti odwala anali ndi mabakiteriya ochepa a mtundu wa Faecalibacterium prausnitzii ndi a Bifidobacterium, ndipo mwa ena kuchepaku kunalipobe patatha masiku 30 atachira. Choncho musadabwe kuti m'mimba mukuchedwa kukhazikika.

Simunanene ngati munamwa maantibayotiki, mankhwala olimbana ndi mabakiteriya, koma ndiyenera kutchulapo, popeza zimandipweteka kuona anthu akuwamwa pa chimfine wamba. Mankhwalawa sapha mavairasi ngakhale pang'ono, koma amasesa mabakiteriya abwino amene atsala kale ochepa. Mu 2011, ofufuza a ku Yale University anaona kuti mbewa zopatsidwa maantibayotiki zinkalephera kupanga chitetezo chokwanira pa fuluwenza. Mankhwalawa ndi ofunika pamene dokotala wapeza matenda a mabakiteriya, monga chibayo, ndipo pamenepo muwamwe mpaka kumaliza monga wakuuzirani.

Panopa yambani kudya pang'onopang'ono koma pafupipafupi, mukuwonjezera masamba, zipatso, nyemba ndi mbewu zosakonola mmene mimba ikulolera, ndipo muzimwa madzi okwanira kubwezeretsa amene mukutaya. Mukaona magazi m'chimbudzi, kutsegula kukapitirira milungu iwiri, kapena thupi likayambiranso kutentha limodzi ndi kubanika kapena kupweteka pachifuwa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.