Mfuti ya malemu bambo: kodi kalata ya amfumu ikwanira?

Mayi wina wa ku Luchenza wanditumizira imelo. Bambo awo anamwalira n'kusiya mfuti ya shotgun yomwe ankathamangitsira anyani kumunda, ndipo munthu wina wa ku Limbuli akuifuna, ndalama zili m'manja. Mayiwo akufunsa ngati kalata ya amfumu ndi mboni ziwiri zingakwanire kuti aigulitse.

Sizingakwanire, mayi. Ndipo amene ndikumudera nkhawa kwambiri si wogulayo, ndinu. Lamulo la Firearms Act la 1967 limafuna kuti aliyense wosunga mfuti akhale ndi laisensi, ndipo laisensiyo imalembedwa m'dzina la munthu mmodzi, pa mfuti yodziwika ndi nambala yake. Mfutiyo itha kukhala gawo la chuma chamasiye, koma laisensi sisiyirana. Choncho mfuti ili kuseri kwa wadiropu ija, lero lino ili m'nyumba ya munthu wopanda chilolezo. Amfumu angachitire umboni pa malire a munda, koma kaundula wa mfuti ali m'manja mwa apolisi, kwa Registrar of Firearms, kulikulu lawo ku Area 30 ku Lilongwe.

Wogulayo sindikumudziwa, mwina ndi munthu wabwino. Koma wofuna mfuti mwachangu, osatchula n'komwe za kupolisi, ine ndimamukayikira. Limbuli ndi pafupi ndi chipata cha Muloza, kutsidya kwake ndi Milange. Nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, mfuti za AK-47 zinatsala m'manja mwa anthu, zina n'kulowa kuno kudzera m'njira zachidule, ndipo akuluakulu a m'malire muno akukumbukira umbava wa zaka zimenezo. Mu 2001 mayiko a SADC anasainira pangano lolimbana ndi kufala kwa mfuti mu Blantyre momwemu. Ndiye mfuti ikasowa m'kaundula chifukwa choti banja linkafuna ndalama ya feteleza, si nkhani ya banja lokha. Ikadzapezeka pa chiwembu ku Bvumbwe kaya ku Thekerani, apolisi adzawerenga nambala, adzapeza dzina la malemu, adzagogoda pakhomo panu. Kalata ya amfumu ija idzangotsimikiza kuti munagulitsa ndinu.

Pena anthu amati mfuti yakale, yadzimbiri, si mfutinso. Ayi ndithu. Ngakhale gogodela wosula m'mudzi ndi mfuti pamaso pa lamulo. Ndipo yakale ndiyo yoopsa kwambiri, makamaka kuno kwathu kwa chiperoni ndi chinyezi. Dzimbiri limadya m'kati mwa mpope mpaka chitsulo kupyapyala, mavu amamangamo dothi, ndipo mpope wotsekeka umaphulikira m'manja mwa wowombayo. Zipolopolo zokhalitsa zimatupa n'kukakamira, zina zimachedwa kulira munthu atakoka kale. Za anyani nazonso pali mawu: laisensi ya mfuti si chilolezo chosakira nyama, zimenezo n'za nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, ya National Parks and Wildlife.

Tsopano chochita

Musaiyese, musaipereke kwa mphwanu kuti "aione ngati ikulira". Ngati pali wodziwa mfuti, ailozetse pansi, chala chili kutali ndi chokokera, aithyole pakati ngati ili yamtundu wothyola, achotse chipolopolo, asuzumire mu mpope kuchokera kumbuyo. Ngati palibe, isiyeni momwemo. Ikhomereni malo oti ana sangafike, zipolopolo muziike kwina.

Funani laisensi ya malemu, ngakhale itatha nthawi, ndipo yerekezani nambala ya papepala ndi yodindidwa pachitsulo. Zikasiyana, kapena nambala ikaoneka yopalidwa, za malonda ziiwaleni, mungokanena. Pitani kupolisi ya Luchenza kapena Thyolo chimanjamanja, mutatenga laisensiyo, chiphaso chanu cha unzika, chikalata cha imfa ndi pepala losonyeza amene akuyendetsa chuma cha malemu. Afunseni mmene mfutiyo ifikire kwa iwo. Musakwere nayo minibasi kapena kabaza itakulungidwa m'chitenje. Akailandira, akupatseni pepala lolembedwa mtundu wake, kukula kwa mpope monga 12 bore, nambala ndi chiwerengero cha zipolopolo, ndipo musachoke popanda pepalalo.

Wogula ayambe wapeza chilolezo chake cha apolisi chogulira mfuti, m'dzina lake, inu muchione ndi maso. Muvomerezanenso pabanja, popeza ndalamayo ndi ya onse oyenera kulandira chuma cha malemu. Mgwirizano ulembedwe ndi mayina, manambala a ziphaso, nambala ya mfuti, mtengo ndi tsiku, aliyense asunge kope lake, ndipo kupatsana kuchitikire kupolisi komweko. Wa ku Limbuli uja akanena kuti zimenezi n'zochedwetsa, musalandire ngakhale chikole.